Ndowa ya nyemba ndi rejisitala: momwe kafukufuku wa ana a Fomu 3 akuyendera

Teremu ino ine ndi Madamu amene amaphunzitsa Geography tagwirizana kuti ana a Fomu 3 achite kafukufuku wawowawo, kuyambira pa kusankha funso mpaka kulemba lipoti. Sukulu yathu ndi yoyendera, ili kumudzi, ndipo ana onse alipo pafupifupi 400. Timakumana ngati kalabu Lachitatu masana akaweruka, chifukwa nthawi ya m'kalasi inatengedwa kale ndi silabasi ya MSCE. Ndikulemba izi kuti aphunzitsi anzanga a Masamu amene angafune kuyesa zofananazi aone pamene pakuvuta ndi pamene pakuphweka.

Kuwerengetsera si vuto kwa ana athu. Mukawapatsa manambala 20 akupezerani mean (avareji), median (nambala yapakati mukawandandalika) ndi mode (nambala yobwera kawirikawiri) musanamalize kufufuta bolodi, ndipo histogram ajambula yooneka bwino ndi rula. Koma afunseni kuti manambalawo akuimira ndani, nanga amene mulibemo ndani. Onse amangoti kakasi. Choncho ntchito ya teremu yonseyi yagona pa zinthu ziwiri: gulu lonse limene tikufuna kulidziwa, lija buku lawo limati population, ndi kagulu kochepa kamene timatapa m'gululo, sampulo.

Sabata yoyamba

Funso sindinabwere nalo ine. Ndinawauza kuti atchule chinthu cha pasukulu pano chimene aliyense amachikamba koma palibe anachiyezapo. Zinatuluka za zimbudzi, za mabuku a mulaibulale amene sakwana, za mpira. Kenako mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimirira n'kunena kuti, "Sala, amene timatchetcha udzu tsiku ndi tsiku chifukwa chochedwa ndife omweomwewo, a kutsidya kwa mtsinje. Kodi alipo anayamba wayezapo mtunda umene timayenda?" Anzake anamuwombera m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso lathu ndi lakuti: ana a pasukulu pano amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike kusukulu m'mawa?

Anafuna kuyamba kufunsana nthawi yomweyo. Ndinawaimitsa, n'kuwafunsa kuti ana a pasukulu pano ndi ndani. Anaseka poyamba. Koma titayamba kulemba pa bolodi, kuseka kunatha. Nanga ana a open amene amabwera masana, ife titaweruka, tiwawerenge? Amakhala pa madesiki omwewa, aphunzitsi ake ndife omwe. Nanga a self boarding amene akuchita lendi tizipinda pa msika, pamene kwawo kwenikweni ndi kutali? Tiwayeze kuchokera pa msika kapena kuchokera kwawo? Nanga mnyamata amene dzina lake lili m'rejisitala koma chiyambire teremu sanaonekepo chifukwa cha fizi? Nanga mtsikana amene ali kunyumba chifukwa cha mimba, malo ake akumusungira kuti adzabwerere akadzachira?

Mkangano unatenga ola lathunthu, ndipo sindinaudule. Pomaliza anagwirizana kuti gulu lonse likhale mwana aliyense amene dzina lake linalembedwa m'rejisitala ya Fomu 1 mpaka Fomu 4 tsiku lotsegulira teremu. A open ayi, chifukwa iwo sabwera m'mawa. A self boarding tiwayeza kuchokera kumene amagona, koma tilembenso mudzi wakwawo. Mlembi wa kalabu analemba zimenezi pa tsamba loyamba la kope lathu, ndipo tapangana kuti palibe nambala imene idzalowe m'lipoti popanda chiganizo chimenechi pamwamba pake.

Sabata yachiwiri

Tsikuli linali la Madamu. Anabwera ndi manambala a kalembera wa dziko lino, amene amayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, n'kuwalemba pa bolodi motsikira pansi. M'chaka cha 1966 anthu analipo 4,039,583. Mu 1977 analipo 5,547,460, mu 1987 analipo 7,988,507, mu 1998 analipo 9,933,868, mu 2008 analipo 13,077,160, ndipo mu 2018 anakwana 17,563,749. Kalembera wa 2018 anachitika mu Seputembala, ndipo owerenga anthu ankalemba mayankho pa matabuleti m'malo mwa mapepala. Ana angapo akukumbukira anthuwo atakhala pa khonde la kwawo.

Tinayamba ndi zophweka. Pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pa chaka. Ndinawaonetsa kanjira kachidule kaja kogawa 70 ndi nambala ya peresenti, ndipo anapeza kuti pa liwiro lotere anthu amawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 24. Wina anayang'ana pa bolodi n'kuona yekha kuti kuchoka 1966 kufika 1987, zaka 21, chiwerengero chinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri ndithu.

Chimene ndinkayembekezera chinabwera mochedwerapo. Mnyamata wina amene sakonda kulankhula anati, "Madamu, bwanji pakati pa 1987 ndi 1998 anthu anakwera pang'onopang'ono chonchi, pamene zaka khumi za m'mbuyo mwake anakwera mothamanga?" Madamu anafotokoza. Mu 1987 nkhondo ya ku Mozambique inali pachimake, ndipo anthu ambiri othawa nkhondo anali atalowa kale m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 analipo pafupifupi 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwawo, kotero kalembera wa 1998 sanawapeze. Zaka zomwezo Edzi inali itayamba kutenga anthu ambiri. Ndiye manambala awiriwo, ngakhale ali mu mzere umodzi pa bolodi, sakuwerenga gulu lofanana ndendende. Ana amene agogo awo anachokera ku Angonia, ku Mozambique, anali ndi zambiri zoti anene, ndipo tinawalola.

Kenako ndinafunsa kuti anthu a ku Lilongwe ndi angati. Amene analoweza anayankha msanga kuti 989,318. Ndi zoona pa kalembera wa 2018, koma umenewo ndi mzinda wokha. Boma la Lilongwe kunja kwa mzinda, kuphatikiza madera ngati Mitundu, Nathenje ndi Nsaru, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni mu kalembera yemweyo. Mayankho onse awiri ndi olondola, zikungotengera pamene walemba malire. Mtsikana wina anafunsa za bambo ake amene ali ku Joni chaka chachitatu tsopano ndipo amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Pakhomo pawo amawerengedwa kuti ndi mutu wa banja, koma pa chiwerengero cha anthu okhala m'dziko muno mulibe. Sanakondwe nazo, ndipo anatsutsa mpaka belu la a open linalira.

Chinthu chimodzi chimene anapita nacho kunyumba akukambirana: mu 2018 theka la anthu a m'Malawi, 51 pa 100 alionse, anali osakwana zaka 18. Anati ndiye kuti dziko lino ndi lawo. Madamu anawayankha kuti ayambe akhoza mayeso.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Kalembera amawerenga aliyense, n'chifukwa chake amachitika kamodzi pa zaka khumi, ndipo amadya ndalama zambiri. Ife ana 400 tikhoza kuwafunsa onse titafuna, koma cholinga n'chakuti aone kuti kagulu kochepa kangathe kunena zoona za gulu lonse, komanso kuti kangathe kunama.

Ndinagula nyemba pa msika, zofiira za phalombe ndi zoyera za kayera. Kunyumba ndinawerenga zofiira 300 ndi zoyera 700 n'kuzithira mu ndowa, osauza aliyense. Ntchito ya ana inali yopeza kuti zofiira ndi zingati pa 100 zilizonse popanda kukhuthula ndowayo. Gulu lililonse linkatapa, kuwerenga, kulemba pa bolodi, n'kubwezera nyembazo.

Tinayamba ndi nyemba 10 pa ulendo uliwonse. Mayankho anabalalika kwambiri. Ena anapeza yofiira imodzi, ena zitatu, ena zisanu ndi imodzi. Gulu limene linapeza imodzi linayamba kunena kuti anzawo akubera. Zimenezi n'zimene ndikufuna aphunzitsi anzanga azione: mwana amene wazolowera kuti samu ili ndi yankho limodzi, akaona mayankho osiyana amaganiza kuti wina walakwitsa. Zinatenga nthawi kuti avomereze kuti palibe wabera, kusiyanaku n'kobadwa nako kutapako. Titakweza kufika pa nyemba 50, timizere ta pa bolodi tinayamba kuunjikana malo amodzi. Pa 100 tinaunjikana kwambiri. Anaona ndi maso awo kuti sampulo ikamakula, kugwedezeka kumachepa. Ndinawonjezera kuti sikuchepa mofanana ndi kukulako. Kuti kugwedezeka kuchepe ndi theka, sampulo iyenera kukula kanayi. Sindinawapatse fomula, si ya Fomu 3, koma lamulolo analilemba.

Koma panali chinthu china. Timizere tija tinaunjikana pamwamba pa 30, osati pa 30 penipeni. Nditawauza nambala yeniyeni anadabwa, chifukwa ngakhale sampulo zazikulu zinkanena kuti zofiira ndi zambiri kuposa mmene zinaliri. Ndinawasiya afufuze okha. Mtsikana wina anapisa mkono mpaka pansi pa ndowa n'kutulutsa dzanja lodzaza ndi zoyera zokhazokha pafupifupi. Kayera ndi nyemba zing'onozing'ono, phalombe ndi zokulirapo. Ana ankasakaniza pogwedeza ndowa, ndipo ukamagwedeza, zing'onozing'ono zimalowa m'mipata n'kutsikira pansi, zikuluzikulu n'kutsala pamwamba. Onse ankatapa pamwamba. Kutapa zambiri sikukanathandiza chilichonse, akanangotsimikiza kwambiri yankho lolakwika.

Mnyamata wina, amene mayi ake amagula chimanga pa sikelo nthawi yokolola, ndi amene anamaliza phunziroli m'malo mwanga. Anati, "Sala, amayi akamagula thumba satapa pakamwa pa thumba. Wogulitsa amaika chimanga chabwino pamwamba. Amabaya pakati ndi pansi ndi kachitsulo kaja kuti aone ngati muli anankafumbwe." Sindinawonjezerepo kanthu.

Sabata yotsatira tinabwereza ndi nyemba za mtundu umodzi, zoyera zokhazokha, 300 mwa izo titazipaka kadontho ka maka. Tinavundula ndi mthiko kuyambira pansi, wotapa atatseka maso. Tsopano timizere tinaunjikana mozungulira 30, ena pamwamba pang'ono, ena pansi pang'ono. Pa bolodi panatsala zithunzi ziwiri moyandikana, ndipo ndinawapempha kuti aliyense afotokoze kusiyana kwake m'mawu akeake. Ambiri analemba zomveka: kugwedezeka kumachepa ukatapa zambiri, koma kupendekera mbali imodzi kumachoka pokhapokha nyemba iliyonse ikakhala ndi mwayi wofanana wolowa m'dzanja.

Funso limene linandisangalatsa linachokera kwa mlembi wathu. Anafunsa ngati ndowa ya nyemba 10,000 ingafune sampulo yochuluka kakhumi. Pafupifupi kalasi yonse inati inde. Yankho ndi ayi: ngati zasakanizidwa bwino, nyemba 100 zochokera mu ndowa yaikulu zimanena zoona pafupifupi mofanana ndi 100 zochokera mu yaing'ono. Sanakhulupirire, ndipo ena mpaka pano sakukhulupirira. Nyemba 10,000 ndilibe, koma ndalankhula ndi mayi wina wogulitsa pa msika kuti atibwereke thumba tsiku limodzi.

Nthawi itatsala pang'ono tinaseweretsa nyemba zomwezo pa funso lina: ungadziwe bwanji kuchuluka kwa zinthu zimene sungathe kuziwerenga, monga chambo m'dziwe? Umagwira zina, kuziika chizindikiro, kuzibwezera, kenako n'kugwiranso. Tiyerekeze waika chizindikiro pa 100, ndipo ulendo wachiwiri wagwira 80, mwa izo 10 zili ndi chizindikiro. Ndiye kuti zachizindikiro ndi gawo limodzi mwa magawo 8, zonse zilipo pafupifupi 800. Njirayi anaigwiritsa ntchito Petersen wa ku Denmark pa nsomba mu 1896, ndi Lincoln wa ku America pa abakha am'tchire mu 1930. Ana anaikonda kuposa china chilichonse chimene tachita, ngakhale kuti siikukhudza funso lathu.

Sabata yachisanu

Mvula inagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza, ndipo theka la kalabu silinabwere. Ndi amene analipo tinakonza mafunso. Vuto lalikulu n'lakuti ana ambiri alibe wotchi, ndipo foni n'zoletsedwa pasukulu. Ukafunsa kuti umanyamuka nthawi yanji, wina ati kukangoyera, wina ati tambala wachiwiri akalira. Tagwirizana kuti wosankhidwa aliyense ayang'ane nthawi pa foni ya kholo kapena ya mnansi ponyamuka, ailembe pa kapepala, ndipo pulifekiti alembe nthawi yofikira pa geti ndi wotchi ya mu ofesi. Tikufunsanso mudzi, komanso ngati amayenda wapansi, pa njinga yake kapena pa kabaza.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ndinawagawa m'magulu atatu, ndipo magulu awiri ndinawalola dala kuti asankhe ana 80 m'njira imene iwo aona kuti n'njophweka. Gulu loyamba linati lifunsa pa asembule Lolemba, popeza sukulu yonse imakhala pamodzi. Gulu lachiwiri linati aliyense afunse anzake. Gulu lachitatu ndinalipatsa marejisitala anayi. Anapatsa dzina lililonse nambala, n'kugwiritsa batani la Ran# la pa kakyuleta, limene limatulutsa manambala mwamaere, posankha. Popeza Fomu 1 ili ndi ana ambiri kuposa Fomu 4, anagawa malo 80 aja molingana ndi kukula kwa kalasi iliyonse. Kumeneku kunali kugwiritsa ntchito ratio koyamba kumene ndawaona akuchita popanda kufunsa ngati zidzabwera pa mayeso.

Lolemba m'mawa ndinaima kumbuyo kwa mizere. Gulu loyamba linkayenda ndi makope awo pakati pa ana, likufunsa mwaulemu ndithu. Kunja kwa geti, limene limatsekedwa asembule ikayamba, kunali ana ena ataima, nsapato zili m'manja, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, akudikira kuti apatsidwe zikwakwa. Palibe wa gulu loyamba amene anayang'ana kumeneko. Lachitatu titakumana ndinangowafunsa kuti mtsikana amene anabweretsa funso lathu uja anali kuti nthawi ya asembule. Iye mwini anayankha ali pampando: "Ndinali pa geti, Sala." M'kalasi munangoti zii. Kafukufuku wofuna kudziwa za ana oyenda mtunda wautali anachitikira pamalo pamene ana oyenda mtunda wautali sakanapezekapo.

Gulu lachiwiri linadzigwira lokha. Poyang'ana mayina anapeza kuti ambiri ndi a Fomu 3, ndipo midzi yake ndi yomweyo imene ofunsawo amachokera. Munthu mnzake ndi amene amayenda naye njira imodzi.

Apa m'pamene ndinawauza nkhani ya ku America ya 1936. Magazini ina yotchuka, Literary Digest, inkafuna kulosera amene adzapambane chisankho cha pulezidenti pakati pa Franklin Roosevelt ndi Alf Landon. Inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Landon apambana. Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri magaziniyo inawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene chuma chinali chitagwa ndipo osauka ambiri analibe foni kapena galimoto. Komanso amene anavutika kubweza kalata anali makamaka okwiya ndi boma. George Gallup, wofufuza maganizo a anthu, ndi sampulo ya anthu pafupifupi 50,000 okha, analosera molondola kuti Roosevelt apambana. Magaziniyo inatsekedwa mu 1938.

Ana sanachedwe kuibweretsa kwathu kuno. Anatchula mapologalamu a pa wailesi aja amati imbani mutiuze maganizo anu, ndi mavoti a pa Facebook amene pamapeto pake munthu amalemba kuti Amalawi anena. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Woimba foni ku wailesi ndi amene ali ndi foni, mayunitsi, netiweki, ndi mkwiyo wokwanira. Agogo amene ali kudimba maganizo ali nawo, koma palibe nambala imene inawafikira. Ndawapatsa ntchito yoti sabata ino aliyense abweretse chiganizo chimodzi chokhala ndi peresenti chimene wamva pa wailesi kapena kuwerenga m'nyuzipepala, n'kulemba pansi pake kuti anafunsidwa ndani.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndi yachisanu ndi chitatu

Kusankha mayina ndi kakyuleta kunatenga theka la ola. Kuwapeza eni mayinawo ndi kumene kwatidyera masabata awiri. Ambiri anabweza timapepala tawo msanga. Ena anaiwala kuyang'ana nthawi, tinawapatsa tsiku lina. Koma pali kagulu kamene sikakupezeka: wina akudwala malungo, wina anabwezedwa fizi, awiri sanaoneke chiyambire mvula ya sabata yachisanu ija.

Mayesero anali aakulu. Mnyamata wina wa gulu lachitatu anabwera ku ofesi n'kunena kuti, "Sala, bwanji tingofunsa amene wakhala naye desiki imodzi? Nayenso ndi wa Fomu 2 yemweyo." Ndinamufunsa kuti n'chifukwa chiyani mnzakeyo alipo pamene wosankhidwayo kulibe. Anaganiza pang'ono n'kumwetulira, osayankha. Amene kulibe sakusowa mwangozi. Mwina akusowa pa chifukwa chomwecho chimene tikufufuza. Kuika wina m'malo mwake n'kubwerera ku asembule kuja polowera khomo lakumbuyo. Lamulo lathu tsopano n'lakuti wosankhidwa ndi wosankhidwa. Timutsatira kudzera mwa anzake a m'mudzi mwake, ndipo tikalephera, lipoti lidzanena poyera kuti pa 80 tinapeza angati ndipo otsalawo ndi a midzi iti.

Kuti aone kuti akuluakulu nawonso amatsata zomwezi, Madamu anafotokoza za kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016. Anasankha timadera 850 kuchokera pa mndandanda wa kalembera wa 2008, m'kadera kalikonse n'kulemba nyumba zonse, kenako n'kusankhamo zina mwamaere. Anafunsa mabanja 26,361 ndi amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49. Mu 2018 dziko lino linali ndi mabanja pafupifupi 4 miliyoni, ndiye kuti sanafike ngakhale pa banja limodzi mwa 100 alionse. Komabe kuchokera pamenepo m'pamene tinadziwira kuti pa nthawiyo mayi mmodzi ankabereka ana 4.4 pa avareji, ndi kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana anaona kuti kalembera kwa ofufuzawo ali ngati rejisitala kwa ife: popanda mndandanda wa gulu lonse, maere alibe pogwera. Wina anafunsa za mwana wa 0.4 uja, monga amafunsira chaka chilichonse.

Manambala athu sindiwalemba pano mpaka otsalawo atapezeka. Chimene chikuoneka kale n'chakuti avareji ya gulu la asembule ili pansi pa ya gulu la rejisitala, ndipo mwa gulu la rejisitala mean ili pamwamba pa median, chifukwa ana ochepa oyenda kutali kwambiri akuikokera m'mwamba. Pali mkangano wa nambala yoti idzatsogole m'lipoti. A kutsidya akufuna mean, a pafupi akufuna median. Maganizo anga n'ngakuti zonse ziwiri zilowe, pamodzi ndi galafu yonse, chifukwa nkhani ya chibalo ili kumchira kwa galafuyo, osati pakati pake. Koma lipoti ndi lawo, ndipo avota Lachitatu likubwerali.

Pamene tafika

A hedi anadutsa pa kalabu yathu sabata yatha, nawerenga chiganizo cha pa tsamba loyamba chija. Anafunsa funso limene palibe mwa ife anali atalifunsa: "Nanga ana amene anasankhidwa kubwera pano ku Fomu 1 koma anasiya chifukwa cha mtunda womwewo, ali pati m'kafukufuku wanuyu?" Mulibe. Rejisitala ya teremu ino ili ndi okhawo amene anapirira. Ngati mtunda ukuchotsa ana pasukulu, ndiye kuti oyenda kutali kwambiri anachoka kale, ndipo ngakhale maere athu atayenda bwino chotani sangawapeze.

Ana ena anakhumudwa, ankaona ngati ntchito yonse yagwa. Siinagwe. Yankho lathu lidzakhala loona pa gulu limene tinalemba, ana amene ali m'rejisitala teremu ino. Chimene sitingachite ndi kulitambasula kuti linene za ana onse a m'dera lino amene anayenera kukhala pano. Limenelo ndi gulu lina, lofuna mndandanda wina. A hedi atilola kuona marejisitala a Fomu 1 a zaka ziwiri zapitazo kuti tiyerekeze ndi mayina a Fomu 3 ya lero, ndipo midzi ya amene anasiya inalembedwamo. Mayina a ana amenewa sadzatuluka mu ofesi. Ine ndi Madamu ndi amene tidzawerenge, kalabu idzangolandira chiwerengero cha mudzi uliwonse.

Zotsala teremu isanathe ndi kupeza ana amene sanabweze timapepala, kujambula magalafu pa mapepala aakulu, ndi kulemba lipoti la masamba awiri, limodzi m'Chingerezi la a hedi, lina m'Chichewa la makolo pa msonkhano wa PTA. Ndalama ya fotokope sinapezeke, mwina alemba pamanja. Amayi a Mother Group amva za nkhaniyi ndipo apempha kuti adzakhalepo tsiku lowerenga lipoti, chifukwa atsikana ambiri amene anasiya amawadziwa makomo awo. Thumba la nyemba lija mayi wa pa msika wati tidzalitenge Lachiwiri madzulo, tibweze Lachinayi msika usanayambe.